Mtengo wa zenera suthera pa felemu

Soya ndi mtedza zikangogulidwa, phokoso la owotcherera zitsulo limakula pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ndi pa boma la Mchinji. Mafelemu a mazenera amandandalikidwa m'mbali mwa msewu, ena opakidwa penti wofiira, ena wakuda wonyezimira, ndipo wodutsa amene ali ndi kangachepe m'thumba amakumbukira zenera lakwake lomwe latha chaka chathunthu litatsekedwa ndi katoni.

Nyengo imeneyi ndi yomwe amalonda ambiri amataya ndalama osadziwa. Munthu amafunsa mtengo wa felemu, kunenerera mpaka wogulitsa atatsitsa, n'kulikweza pa kabaza akumwetulira. Kunyumba ndi komwe amakazindikira kuti wagula mafupa okhaokha: galasi palibe, putty palibe, zitsulo zotchinga akuba palibe, ndipo felemulo lakula kuposa bowo la pakhoma. Nyumba singagone ndi chibowo, choncho ndalama yomalizira ntchitoyo imatapidwa kumpamba. Mawa lake benchi limakhala ndi katundu wochepa.

Mtengo weniweni wa zenera ndi ndalama zonse zomwe lidzakhale litadya pofika usiku woyamba wolitseka. M'menemo muli felemu, galasi, putty kapena labala wogwira galasi, zogwirira ndi maloko, zitsulo zotchinga akuba, waya wotchinga udzudzu, penti, simenti ndi mchenga, malipiro a mmisiri wogumula ndi kumanganso, komanso thiransipoti. Pali funso linanso lomwe sililembedwa pa lisiti: zeneralo likadzawonongeka, wolikonza adzapezeka pamsika wapafupi kapena mpaka ku Lilongwe?

Khoma ndilo limalamula

Kusintha zenera n'kosiyana ndi kuika zenera panyumba yomwe ikumangidwa kumene. Bowo lilipo kale, ndipo kawirikawiri silikhala lowongoka monga maso amaonera. Mmisiri wodziwa ntchito amayeza m'lifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kuyezanso kutalika kwake malo atatu, kenako amatenga muyezo wochepetsetsa. Akatero amadutsitsa tepi mopingasa kuchoka pangodya ina kufika pa inzake mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikasiyana kwambiri ndiye kuti bowolo ndi lopendekeka, ndipo felemu latsopano lidzafuna kusema njerwa kapena kudzaza ndi matope a simenti. Muyezo wa chingwe kapena wa zikhato za manja ndi womwe umadzaza makonde a anthu ndi mafelemu osalowa.

Ambiri akamasintha zenera amafuna kulikulitsa. Apa m'pofunika kuyamba ndi kuona chomwe chili pamwamba pa bowo. Nyumba zambiri za m'midzi ndi m'misika ya m'bomali ndi za njerwa zowotcha zomangira dothi, zina ndi za zidina, ndipo si zonse zomwe zili ndi bimu kapena lintala. Pa nyumba zotere felemu lakale lachitsulo kapena lathabwa ndi lomwe limakhala litasenza njerwa zapamwamba. Kulizula mosasamala kumang'ambitsa khoma mpaka kudenga. Felemu la aluminiyamu silingasenze katundu wotere ngakhale pang'ono, choncho woliganizira awerengeretu mtengo wothira lintala, yomwe iyenera kulowa m'khoma masentimita osachepera 15 mbali iliyonse.

Njira yosaboola m'thumba ndi kukulitsa zenera motsikira pansi. Kuchotsa mizere iwiri kapena itatu ya njerwa m'munsi sikukhudza zomwe zasenzedwa pamwamba, pomwe kukulitsa cham'mbali kumafuna lintala yatsopano yotalikirapo.

Nanga zenera likule bwanji? Amisiri ambiri amatsata lamulo lomwe lilinso m'malamulo a zomangamanga a ku South Africa: malo olowera kuwala akhale osachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo mbali yotseguka yolowetsa mpweya ikhale osachepera gawo limodzi mwa magawo 20. Chipinda chogona cha mamita 3 mbali zonse ndi masikweya mita 9, choncho chimafuna zenera la sikweya mita pafupifupi imodzi. Pabalaza la mamita 4 ndi 5 pamafunika masikweya mita awiri, kaya pa zenera limodzi kaya awiri. Kupitirira pamenepo ndi kukonda kwa mwini, koma adziwe kuti galasi lililonse loonjezera ndi ndalama, ndipo zitsulo zolitchinga nazo zimachuluka.

Chitsulo: chodziwika, koma chimabisa zambiri

Felemu lachitsulo lotsegukira kunja ndi lomwe lafala kwambiri, ndipo pali chifukwa. Wowotcherera amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse pomwe pali magetsi kapena jenereta. Hinji ikathyoka amaiwotcherera tsiku lomwelo. Zitsulo zotchinga akuba zimalumikizidwa ku felemu lomwelo, zomwe zimachepetsa ntchito ndi mtengo. Kwa wamalonda amene amagoneka katundu kapena ndalama m'nyumba, zimenezi si zazing'ono.

Mafelemu ena achitsulo amapangidwa kufakitale potsata miyezo ya ku South Africa ndipo amadziwika ndi manambala. ND7 ndi la mamilimita 1022 m'lifupi ndi 1245 kutalika, lokwanira chipinda chogona chija. ND4 ndi la 1511 ndi 1245, pomwe ND11 ndi la 2000 ndi 1245. La kubafa, NE1, ndi la 533 ndi 654. Nyumba yomwe idamangidwa ndi mafelemu a miyezo imeneyi sivuta kusintha, chifukwa latsopano limangolowa pomwe patuluka lakale. Wowotcherera amene amapangiratu mafelemu oti agulitse pamsewu amapindula akamatsata miyezo yomweyi kusiyana n'kudula malinga ndi kutalika kwa zitsulo zomwe zatsala.

Vuto la chitsulo ndi lakuti penti amabisa zonse. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitsulo zamphako zamakona anayi zimaoneka zofanana kunja, koma zina khungu lake ndi losakwana milimita imodzi pomwe zina ndi la mamilimita 1.6 kapena kuposa. Chopyapyala chimabooka powotcherera, chimapindika ndi chibakera, ndipo dzimbiri likachigwira sichikhalitsa. Wogula anyamule mafelemu awiri ofanana kukula ndi kuyerekeza kulemera kwake. Lopepuka kwambiri lili ndi nkhani. Ayang'anenso m'ngodya. Pomwe pawotchereredwa bwino chitsulo chimayenda mzere wathunthu, koma pomwe mmisiri amapulumutsa ndodo zowotcherera pamakhala timadontho tiwiri titatu, mipata yake itamatidwa ndi phala n'kupakidwa penti. Kukanda pang'ono ndi kiyi kumaulula.

Pansi pa penti wonyezimira payenera kukhala penti woteteza dzimbiri, uja wofiira wa red oxide, ndipo apakidwe felemu lisanalowe m'khoma, kuphatikizapo mbali yomwe idzakwiririke ndi simenti. Dzimbiri limayambira m'munsi momwe madzi amaima. Felemu likhalenso ndi timiyendo tolowa m'khoma, osachepera tiwiri mbali iliyonse. Lopanda timiyendo limangogwidwa ndi pulasitala, ndipo mbava yodziwa ntchito yake imalizula lonse, zitsulo zotchinga zili pomwepo.

Chomaliza, wogula atsegule ndi kutseka chitseko chilichonse cha zeneralo lidakali pamsika. Chomwe chikukhula kapena kusiya mpata lero sichidzawongoka chikalowa m'khoma.

Nkhani ya putty imanyozedwa, komatu ndi yomwe imagwetsa magalasi. Putty wa mafelemu achitsulo ndi wosiyana ndi wa mafelemu athabwa. Akamatidwa amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire, kenako apakidwe penti. Wosapakidwa amauma ndi dzuwa la Okutobala, kung'aluka n'kuyoyoka, ndipo madzi a mvula amalowa kuseri kwa galasi kukayambitsa dzimbiri lija. Mazenera ambiri omwe eni ake amati atha ntchito amangofuna kupalidwa dzimbiri, penti ndi putty watsopano. Asanalipire felemu lina, mwininyumba abaye m'munsi mwa lakale ndi msomali: ngati chitsulo chikadali cholimba, ndalama ija ibwerere kumpamba.

Ma louvre

Awa ndi aja a timagalasi tating'onoting'ono topendekeka, odziwika m'masukulu, m'zipatala ndi m'nyumba zakale za boma. Pa nkhani ya mpweya palibe owaposa, chifukwa akatsegulidwa pafupifupi bowo lonse limapitisa mphepo, ndipo mvula yowaza pang'ono siilowa ngakhale ali otsegula. Galasi limodzi likasweka, mwini amagula limodzi lomwelo n'kulilowetsa yekha popanda mmisiri. Satulukiranso kunja, choncho ndi abwino pakhonde lopapatiza la shopu pomwe makasitomala amadutsa, komanso waya wa udzudzu umakhomedwa mosavuta.

Kuipa kwake n'kodziwikanso. Satseka kwenikweni, motero fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa, chimodzimodzi chisanu cha Juni ndi Julaye. Wogulitsa zovala, mafoni kapena zakudya m'mbali mwa msewu wafumbi adzatopa n'kupukuta. Choopsa kwambiri n'chakuti timagalasito timasololedwa kuchokera kunja mwakachetechete. Zenera la louvre lopanda zitsulo zotchinga akuba ndi khomo chabe. Galasi lake lisatalike kupitirira masentimita 90, ndipo kuchindikala kwake kugwirizane ndi tizitsulo toligwira. Lopyapyala limagwedera ndi mphepo mpaka kugwa.

Aluminiyamu

Awa ndi omwe akukopa anthu masiku ano, makamaka otsetsereka cham'mbali okhala ndi galasi lakuda kapena labuluu. Ubwino wake ndi weniweni: sachita dzimbiri, safuna penti, chiswe sichiwadziwa, ndipo opangidwa bwino amatchinga fumbi ndi phokoso kuposa ena onse. Amadulidwa potsata bowo, n'kuikidwa pulasitala itatha, pomangidwa ndi masikuluwu ndi kumatidwa silikoni m'mbali. Pa nyumba yomwe ili ndi lintala yabwino, kuwaika sikugumula khoma kwambiri.

Koma pali zinthu zomwe wogulitsa sathamangira kunena. Zenera lotsetsereka limatseguka theka lokha, chifukwa galasi lina limangobisala kuseri kwa linzake. Chipinda chomwe chidali ndi ma louvre chikaikidwa zenera lotere la kukula komweko, mpweya umachepa pafupifupi ndi theka, ndipo eni ake amadzazindikira mu Okutobala pansi pa denga la malata. Chachiwiri, limayenda pa timawilo tapulasitiki m'kanjira komwe kamadzaza fumbi ndi mchenga. Kanjirako kakapanda kusesedwa timawilo timatha, ndipo tolowa m'malo mwake tiyenera kukhala ta mtundu womwewo wa felemu. Wowotcherera wa pamsika sangathandize, chifukwa makina wamba owotcherera chitsulo sagwira aluminiyamu. Munthu wa ku Mkanda kapena ku Kapiri afunse, asanalipire, komwe akapeze timawilo, labala ndi loko zikadzatha, komanso ngati woikayo adzabwere kapena adzangoyankha foni.

Chachitatu ndi chomwe chimakweza mtengo mwakabisira. Zitsulo zotchinga akuba siziwotchereredwa ku aluminiyamu, choncho pamafunika felemu lina lachitsulo lomangidwa m'khoma palokha. Ndiye kuti bowo limodzi lalipiridwa mafelemu awiri ndi amisiri awiri. Woyerekeza mtengo wa aluminiyamu ndi wa chitsulo popanda kuwerengera zimenezi akudzinamiza.

Galasi lonyezimira ngati kalilole nalo lili ndi chinyengo chake. Masana munthu wakunja saona m'kati, n'zoona. Usiku magetsi akayatsidwa zimatembenuka: wakunja amaona zonse, wam'kati amangodziona yekha. Mayi wa kaunjika amene amawerenga ndalama zake pabalaza madzulo, akukhulupirira kuti galasi lamubisa, ali pachionetsero. Katani amafunikabe. Galasi lakuda limadetsanso chipinda, zomwe zimayatsitsa getsi masana.

Pali chinanso chofunika kuchitchula pa mazenera otseka kwambiri. M'nyengo yozizira mabanja ena amalowetsa mbaula m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha anthu ali m'tulo. Mbaula yoyaka siyenera kugona m'chipinda chotseka cha mtundu uliwonse, koma nyumba yomwe kale inkapuma kudzera m'mipata ya ma louvre imakhala yoopsa kwambiri ikaikidwa mazenera omata bwino. Timabowo tampweya ta pamwamba pa khoma tisatsekedwe pokongoletsa nyumba.

Thabwa silidathe ntchito. Kalipentala ali paliponse, safuna magetsi, ndipo zenera la matabwa okhaokha lopanda galasi ndi lomwe limathandiza maokala ambiri: masana ndi pogulitsira, usiku ndi chitseko chokhoma. Adani ake ndi chiswe ndi chinyezi. Paini, ngati uja wochokera ku Chikangawa, ndi wopepuka pamtengo koma amafuna mankhwala oteteza ndi penti, ndipo thabwa lililonse losauma bwino limapindika likakhomedwa, kutupa m'dzinja n'kusiya mipata m'chilimwe. Mlombwa ndi wolimba ndipo sutupa kapena kunyala kwambiri, koma mphamvu yake ili mumtima wofiirira. Mbali yoyera yakunja imafumbwa ngati thabwa lina lililonse, choncho felemu la mawanga oyera lisagulidwe pamtengo wa mlombwa weniweni.

Amalonda a m'malire adziwenso kuti mitengo yachilengedwe ili ndi malamulo. Kudula ndi kunyamula matabwa ake kumafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango, ndipo lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa mu 2020. Mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES adaika mitengo ya ku Africa ya m'gulu la mlombwa ndi mbawa pamndandanda wa mitengo yomwe matabwa ake sadutsa malire popanda zikalata. Matabwa a mlombwa, womwe ku Zambia amautcha mukwa, otchipa modabwitsa akhoza kuthera m'manja mwa apolisi pamodzi ndi ndalama ya wogula.

Mazenera apulasitiki a PVC ndi aja a magalasi awiri ophatikiza, omwe amaoneka pa intaneti, adapangidwira mayiko ozizira monga a ku Ulaya kuti asunge kutentha m'nyumba. Kwa nyumba ya malata yopanda siling'i pa Waliranji, ndalama yake ingagwire ntchito yaikulu ikapita ku siling'iyo.

Palibe lamulo loti nyumba yonse ikhale ndi mtundu umodzi. Kutsogolo komwe kwayang'ana msewu kungaikidwe aluminiyamu kapena chitsulo chotseka bwino chifukwa cha fumbi, kukhitchini ndi kubafa ma louvre, ndipo kuchipinda chosungira matumba a mtedza kapena soya kazenera kakang'ono kapamwamba kokhala ndi zitsulo ndi waya, kapena mabuloko amabowo, n'kokwanira. Mbali yoyang'ana kumadzulo ndi yomwe imawotchedwa ndi dzuwa la masana, choncho zenera lalikulu kumeneko limafuna khonde kapena mtengo wamthunzi.

Galasi, zitsulo ndi waya

Galasi limagulitsidwa potsata kukula ndi kuchindikala kwake. Malamulo a ku South Africa aja amapereka malire othandiza: la mamilimita 3 lisapitirire masikweya mita 0.75, la 4 lisapitirire 1.5, la 5 lisapitirire 2.1, ndipo la 6 lisapitirire 3.2. Kuika galasi lopyapyala pamalo aakulu n'kuligula kawiri. Wodula amachotsako pafupifupi mamilimita 3 pa muyezo uliwonse kuti galasi likhale ndi malo opumira. Lothina limasweka lokha felemu likatentha. Ndi bwino kudulitsa galasi felemu litalowa kale m'khoma, chifukwa nthawi zina limapotoka pang'ono pomangidwa.

Apa ndi pomwe maonekedwe a zenera amakumana ndi thumba. Galasi limodzi lalikulu limakongola, koma mpira wa ana ukalipeza, lonse lapita. Felemu logawidwa m'timagawo limadya zitsulo ndi putty wambiri poyamba, koma losweka limakhala kagawo kamodzi komwe a hadiweya angadule kuchokera ku zotsala, ndipo kanganyamulidwe m'chikwama. Galasi ndi lolemera: sikweya mita imodzi ya la mamilimita 4 ndi makilogalamu 10. Limanyamulidwa choimika, litakutidwa ndi makatoni kapena bulangete. Logonekedwa pansi pa galimoto kapena pa keriyala ya njinga silifika m'misewu ya kumudzi.

Zitsulo zotchinga akuba zitalikirane masentimita 10 mpaka 12, kuti ngakhale mwana wotumidwa ndi mbava asalowetse mutu. Maluwa ndi mitima yopindapinda yomwe owotcherera amakonda imakongoletsa, koma nthawi zambiri imapangidwa ndi zitsulo zopyapyala zofewa. Zowongoka zochindikala, zokhala ndi china chopingasa pakati, ndi zomwe zimagwira ntchito. Zitsulo sizitchinga akuba owedza mafoni ndi zikwama ndi ndodo yangowe, choncho bedi ndi pochajira foni zitalikire zenera. Ndipo nyumba yomwe mazenera ake onse ndi omata ndi zitsulo imasanduka khola moto ukabuka pakhomo. Zenera limodzi la kuchipinda chogona likhale ndi zitsulo zotseguka ngati chitseko, kiyi wake ali pomwe aliyense wam'nyumbamo akudziwa.

Waya wotchinga udzudzu ukonzedwe pamodzi ndi zenera, osati kudzaganiziridwa pambuyo. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika kutchinga mazenera, zitseko ndi mipata ya kudenga m'gulu la njira zothandiza polimbana ndi malungo, moonjezera pa kugona m'masikito. Wamalonda amadziwa yekha kuti sabata yogona ndi malungo, kapena yodikirira mwana kuchipatala, ndi sabata yomwe benchi latsekedwa. Pa zenera lachitsulo lotsegukira kunja waya amakhala m'kati, ndipo pamafunika kachitseko kolowetsera dzanja pofuna kutsegula. Pakapanda kameneka anthu amaboola wayayo ndi chala sabata yoyamba. Pa aluminiyamu pamakhala kanjira kachitatu ka chitseko cha waya, ndipo wogula afunse ngati chili mumtengo womwe wauzidwa.

Chipata kapena Lilongwe?

Kuchoka pa boma la Mchinji, Chipata ili pafupi kwambiri kuposa Lilongwe, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 pamsewu wa M12. Chipata cha Mwami nacho chidasanduka choimapo kamodzi kuyambira mu Disembala 2022, pomwe atsogoleri a mayiko awiriwa, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adachitsegulira. N'chifukwa chake ambiri amayamba ayang'ana tsidya ilo akafuna zipangizo.

Mtengo wa pashelefu ya ku Chipata uli m'kwacha ya Zambia, ndipo phindu kapena kuluza kumadalira momwe ndalamazo zasinthidwira tsiku limenelo. Pamwamba pake pabwere thiransipoti ndi msonkho wa MRA. Ena amaganiza kuti katundu aliyense wochepa amadutsa ulere kudzera mu ndondomeko ya COMESA yopepukitsa malonda ang'onoang'ono, ya STR. Ndondomekoyi imakhudza katundu yekhayo amene ali pamndandanda womwe mayiko awiriwa adagwirizana, komanso wopangidwa kapena kulimidwa m'mayikowo. Galasi kapena aluminiyamu zomwe zidachokera kutali n'kungogulitsidwa m'shopu ya ku Chipata sizisanduka za ku Zambia. Pachipatapo pali ofesi yothandiza amalonda ang'onoang'ono, ndipo kufunsa kumeneko munthu asanaoloke n'kotchipa kuposa kukangana katundu ali pagalimoto. Njira zachidule zam'tchire, kupatula kuti ndi mlandu, si njira zoyendetsamo galasi.

Galasi ndi aluminiyamu Malawi amaitanitsa kunja, chimodzimodzi zitsulo zambiri, choncho mitengo yake imatsatira ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene adali atapereka dipoziti koma zipangizo zisanagulidwe adauzidwa kuti aonjezere. Kuyambira pamenepo mtengo womwe mmisiri wanena lero sukhalitsa. Wokonzeka kusintha mazenera ndi bwino apite limodzi ndi mmisiriyo kuhadiweya, agule zitsulo, ndodo zowotcherera ndi penti pamaso pake, lisiti asunge yekha, ndipo ndalama ya ntchito ya manja ilipidwe m'magawo, lomaliza mazenera atalowa ndi kutsekeka. Izi zimatetezanso mmisiri, amene nthawi zambiri amanenedwa kuti wadya ndalama pomwe mtengo wa zitsulo ndi womwe wathawa.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale patsamba la kope: chiwerengero cha mazenera, miyezo yake, mtundu ndi kuchindikala kwa zitsulo, za galasi, za penti, tsiku lomaliza, ndi amene adzalipire ngati felemu silikulowa. Ngati adayeza ndi mmisiri, kulakwa kwa muyezo ndi kwake. Ngati mwininyumba adangotumiza manambala pa WhatsApp, asadzaloze wina chala. Wobwereka kubanki m'khonde kuti amalize ntchitoyi awerengere kuti zenera la nyumba yogonamo silibweza ngongole. La nyumba ya lendi kapena la shopu likhoza kubweza, ngati lendiyo ikweradi kapena makasitomala aona katundu bwino.

Wochita lendi shopu kapena nyumba asagumule khoma la mwini asanagwirizane naye polemba. Zenera likalowa m'khoma limakhala la nyumbayo, ndipo tsiku losamuka landilodi sadzalola kuti lizulidwe. Agwirizane ngati ndalamayo idzachotsedwa ku lendi, komanso kwa miyezi ingati.

Ntchito yeniyeniyo igwiridwe mvula isanayambe, makamaka pakhoma lomangira dothi, lomwe limafewa likanyowa. Felemu lakale lisazulidwe latsopano lisanafike pakhomo ndi kuyezedwanso pabowopo. Mmisiri agumule mazenera okhawo omwe angathe kuwamanganso dzuwa lisanalowe, ndipo felemu likaimikidwa liyesedwe ndi levulo, zitseko zake zitsekedwe mpaka simenti itagwira kuti lisapotoke. Kunja, m'munsi mwa zenera, pulasitala ipendekere kubwalo kuti madzi asabwerere ku felemu. Felemu lakale nalo lisatayidwe kuseri kwa nyumba: lolimba limagulidwa ndi omanga khitchini kapena khola la nkhuku, ndipo lodyeka ndi dzimbiri amaligula pa sikelo aja ogula zitsulo zakutha.